Kabelo ka a Kanyinji

Geoffrey anali kuseri kwa tiyirumu ya Sellah pa Kaluluma, akupopa tayala la njinga, pamene mawu a alamu ake anatulukira pawindo. Kunena zoona, mawu a a Lucious Kanyinji sankasowa windo. Ankadutsa khoma la njerwa zowotcha n'kufika kunja ali amphumphu.

"Kugona kutchire tinayamba ndife. Ana a masiku ano akabereka chikwama n'kujambulitsa ataima pamwala, basi ati ayenda. Ine ndipita ku Nkhwazi wapansi, katundu kumsana, ndikagona m'mbali mwa madzi, ndibwerako. Ndipo nonse muli muno ndinu mboni. Munthu amene akakhudze katundu wanga pondithandiza, ine Kanyinji ndidzamuthirira nazale yake sabata yathunthu, m'mawa ndi madzulo."

M'katimo munangomveka masupuni akuzungulira m'makapu. Kenaka Sellah anafunsa ngati awawonjezere a tcheyamani sikono.

Geoffrey anapitiriza kupopa. Sanaseke, chifukwa kuseka mlamu kumakoma iye ali pomwepo. Anangokumbukira kuti a Kanyinji, tcheyamani wa kalabu ya alimi a fodya kuyambira kalekale, ankapita kutchalitchi pa kabaza, pamene tchalitchicho chinkaoneka munthu ali pakhonde pawo. Kheni yothirira anaigwira komaliza tsiku limene kunabwera alangizi ndi kamera.

Gwero la zonsezi linali Ronald, mnyamata wa ku Lilongwe amene ankati akwatire Nthanda, mwana wa a Kanyinji, kumapeto kwa mwezi. Ronald ankakonda kukwera mapiri ndi anzake a kuntchito, ndipo zithunzi zake zinali zitadzaza foni ya Nthanda: atabereka chikwama chopitirira mutu, atakhala pakhomo pa katenti, akumwa tiyi mitambo ili m'munsi mwake. Amayi a m'mudzi ankapatsirana foniyo. A Kanyinji anaziona kamodzi, n'kunena kuti n'zachibwana, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanakambenso nkhani ina.

Nkhwazi linali damu la esiteti ina yakale imene inatsekedwa Geoffrey asanamere ndevu. Msewu wopita kumeneko unali utamera mitengo. Ankafikako ndi osaka mbewa ndi ng'ombe zosochera basi. A Kanyinji ankalitcha nyanja.

Lachinayi m'mawa anatulukira pakhomo pa Geoffrey atanyamula bulangete ndi lona la kalabu.

"Mlamu, tulutsa matilesi."

Matilesiwo anali a Nthanda. Fainala, mkazi wa a Kanyinji, amene anali mchemwali wake wamkulu wa Geoffrey, anawagula ku Boma atagulitsa mtedza wake, kuti akhale mphatso ya mayi pa chinkhoswe. Anali aakulu, ogona anthu awiri, obiriwira ndi maluwa oyera, akadali m'pulasitiki ya kusitolo. Kunyumba kwake sanawasunge. Anawabweretsa kwa Geoffrey n'kumuuza kuti, "Alamu akowa akawaona agonekapo alendo a kalabu. Uwasunge ngati diso lako. Akada kapena kupindika, unkhoswe wa Nthanda ndipatsa wina, iwe ukakhale kumbuyo ndi oimba kwaya." Atatero ananyamuka kupita ku msonkhano wa Mvano, wobwerako Lamulungu. Geoffrey anali malume yekhayo wa Nthanda, ndipo jekete ya tsikulo anali atagula kale.

"Achemwali anakaniza, alamu."

"Kodi ndikukawadya? Ndikagonapo kamodzi, pulasitiki ili pomwepo. Munthu wa msinkhu wanga sagona pamiyala."

"Nanga mukawanyamula bwanji? Kumsana sakwana."

"N'chifukwa chake ndabwera kwa iwe. Ndimati uwadinde ndi jeke wako, akhale kabelo." A Kanyinji anayang'ana kuchigafa, n'kupukusa mutu. "Koma mwina ndalakwitsa khomo. Jeke wako wakalamba. Wa Feggie ndiye angathe."

Mbuzi iliyonse ili ndi mwendo umene amaigwirira. Geoffrey sankanyadira nyumba kapena njinga, koma jeke wodindira fodya amene bambo ake anamusiyira. Nyengo ya mabelo alimi a midzi yozungulira ankachita kupanga mzere pomubwereka. Feggie, mlimi mnzake amene anagula jeke wakewake chaka chathachi, ankauza anthu pa tiyirumu kuti wa Geoffrey wayamba kudumpha mano.

Dzuwa lisanakwere, matilesi anali atapindidwa patatu m'bokosi la jeke, bulangete ndi lona zili pamwamba. Geoffrey anaboola pulasitiki pakona ndi singano kuti mpweya uzituluka. Anazunguza chitsulo, matilesi akulira chapansipansi ngati mbuzi yogwidwa pakamwa, mpaka zonse zinatsikira m'mawondo. Anasoka chiguduli mwaukhondo monga amasokera belo lopita ku okushoni. Panatuluka kabelo ka makona anayi, kolimba ngati njerwa. Anakamenya ndi chikhatho, n'kumva kukoma mumtima.

Kukomako kunatha atangowongoka. Anayang'ana kabelo, anayang'ana alamu ake, n'kuona nkhope ya Fainala pakati pawo.

"Ndipita nawo," anatero.

"Waganiza bwino. Pakufunika wojambula. Koma katundu wanga usakhudze."

"Kudinda kuja sikunali kukhudza?"

"Ulendo unali usanayambe."

Ananyamuka Lachisanu kukucha, Geoffrey atasiyira mkazi wake nazale. A Kanyinji anamangirira kabelo kumsana ndi malegeni. Anavala chipewa cha kampani ya feteleza, jekete, ndi nsapato zosongoka zimene ankapita nazo kogulitsa fodya ku Chinkhoma. Mbatata, kapoto, shuga ndi chigubu cha madzi analamula kuti si katundu wa munthu mmodzi, n'za gulu, choncho zinalowa m'thumba la Geoffrey. Njira ya ku Nkhwazi sidutsa pa tiyirumu, koma tsikulo inadutsa.

Unali mwezi wa Seputembala. Minda inali pululu, mapesi a fodya atazulidwa n'kuunjikidwa m'malire, zigafa zitangoima zopanda kanthu ngati nthiti za ng'ombe. Kudambo anthu anali atawerama kale pa mabedi a nazale ndi makheni awo. Ankawongoka, kuika dzanja pachipumi, n'kuperekeza kabelo ndi maso. A Kanyinji ankakweza ndodo ngati phungu wodutsa pa lole.

Mpaka pa mudzi womaliza anali akuphunzitsa. Anafotokoza kapumidwe ka munthu wa paulendo, kapondedwe ka phazi, ndi chifukwa chimene madzi ambiri amafooketsera bondo. Atalowa m'tchire la mombo phunziro linayamba kufupika. Masamba atsopano anali atangophuka, ofiira ngati wina wawathira magazi a nkhuku, ena ofiirira, ena ayamba kale kubiriwira, ndipo pansi ponse panali lupsa lakuda kumene osaka mbewa anatentha. Msewu wakale wa esiteti unkaonekera ndi kutayika, pena n'kusiya kamlatho kopanda mtsinje. Anadutsa mabani ochizira fodya ogumuka, mkuyu utamera m'kati mwa limodzi n'kutulukira kudenga.

Dzuwa lili paliwombo, a Kanyinji anayamba kukonda mitengo. Ankaima pamthunzi uliwonse, kukhala pa kabelo, n'kufunsa kuti, "Mlamu, uwu ndi mtengo wanji?"

"Mombo, alamu."

"Nanga uja tinausiya uja?"

"Mombonso."

"Eya. Ndimakuyesa."

Madzi amene amafooketsa bondo aja anamwa theka la chigubu. Nsapato yakumanzere anaivula, kuyang'ana m'kati mwake ngati mwalowa mlandu, n'kuivalanso. Koma Geoffrey akatulutsa foni, msana unkawongoka, chibwano n'kukwera, ndipo pa chithunzi pankatuluka munthu woti akhoza kuyenda mpaka ku Zambia.

Anafika dzuwa litapendeka. Mitengo inangotseguka, madzi n'kuonekera, ataliatali, opindika kuseri kwa kaphiri moti mathero ake sankaoneka. Geoffrey anali atamva za Nkhwazi moyo wake wonse, koma ankaganiza kuti ndi chithaphwi chachikulu. Anaima n'kutula thumba. M'mphepete munali maluwa a m'madzi otambalala ngati mbale, atsekwe akudutsa pakati pawo mosapupuluma. Pa mtengo wouma umene unaima m'madzi panali nkhwazi imodzi, ikuwayang'ana ngati mwini malo amene sanauzidwe za alendo. Kunalibe utsi, kunalibe wailesi, ngakhale tambala.

"Ndinkati chiyani?" anatero a Kanyinji, akupumira m'mwamba. "Nyanja."

Geoffrey sanatsutse. Anatsatira kanjira ka ng'ombe kozungulira m'mbali mwa madzi, pena pamchenga, pena pamiyala, mpaka anapeza malo osalala pansi pa mkuyu. Geoffrey atajambula zithunzi za munthu akuloza kutsidya, a Kanyinji anatula kabelo n'kudula ulusi ndi mpeni.

Chiguduli chinatseguka chokha. Bulangete linagwera uku, lona uko. Matilesi anayamba agona kaye ali opyapyala ngati chikopa, kenaka anakoka mpweya pa timabowo ta singano tija, akulira ngati munthu womwa tiyi wotentha. Anatambasuka mbali imodzi, anatambasuka inayo, n'kufufuma pang'onopang'ono mpaka anadzaza pansi pa mkuyu, maluwa oyera ali mbee.

Amuna awiriwo anaonerera mwaulemu. Ndiye Geoffrey anayang'ana kachiguduli kali pansi, n'kuyang'ananso matilesi.

"Alamu, jeke ali kunyumba."

"Ndikudziwa kumene jeke ali."

"Mawa tiwabwezera bwanji m'menemu?"

A Kanyinji anatola kachiguduliko, n'kukaponyanso pansi. Fodya ukamudinda amakhala pamene wamusiya. Ku okushoni amang'amba belo, kusolola masamba, kusokanso, belo lili chikhalire. Awiriwa anakulira m'chigafa, koma anali asanadindepo chinthu chimene chimakumbukira mmene chinalili.

"Za mawa n'za mawa," anatero a Kanyinji. "Sonkha moto."

Lona linabwera kuti likhale denga, koma Geoffrey anakana. Anasesa pansi ndi nthambi, anatola kaminga kalikonse ndi zala, n'kulamula kuti lona liyalidwe pansi, matilesi akhale pamwamba pake. Ankangoloza ndi chala, manja ali kutali. Moto anakausonkha kumunsi kwa mphepo, patali moti wootha ankachita kufuula polankhula ndi wa pamatilesi. Pa anthu atatu amene anafika ku Nkhwazi tsikulo, amene anasamalidwa bwino anali matilesi.

Anawotcha mbatata, anaphika tiyi m'kapoto. A Kanyinji anakhala pamwala, mapazi ali m'madzi, matuza akuoneka ngati mbatata zina. Dzuwa linkalowa kuseri kwa kaphiri, madzi n'kusanduka ofiira ngati masamba a mombo aja, ndipo akakowa ankabwera m'magulu kudzagona pa mtengo wouma uja.

"Mnyamata uja azikamutengera Nthanda kumapiri," anatero a Kanyinji, ndi mawu amene sakanadutsa ngakhale nsalu. "Ine ndamulera zaka zonsezi, sindinamuonetsepo ngakhale kuno. Kumunda, kuchigafa, kusukulu, basi."

"Mudzabwera ndi adzukulu, alamu."

"Ndi ngolo."

"Ndi ngolo."

Posakhalitsa udzudzu unawakumbutsa kuti ali pamadzi. Pamenepo a Kanyinji anatsokomola, mawu awo akale n'kubwerera, ndipo anafotokoza mmene munthu wodziwa tchire amagonera mutu utaloza kum'mawa.

Kutacha ananena kuti agona ngati nduna. Maso awo ankanena zina. Pulasitiki inkalira nthawi iliyonse akatembenuka, inawatulutsa thukuta, ndipo kawiri konse inawatsetserekera pansi. Geoffrey, amene anagona pa kachiguduli, anamva zonse koma anangofunsa ngati nduna imwa tiyi.

Atamwa, ntchito inayamba. A Kanyinji anapinda matilesi patatu n'kukhalapo. Anatambasula dzanja kuti atenge chiguduli, matilesi n'kuwatula pamchenga. Anayesanso atagwada, zinachitika zomwezo, kungoti anagwera mbali ina. Anakoka chipika kuti apsinjire, Geoffrey n'kulumpha.

"Khungwa limenelo ling'amba pulasitiki."

"Ndiye bwera ndi nzeru, osati pakamwa."

"Nzeru ndi yoti ndinyamule ineyo."

"Usakhudze."

Anawakulunga n'kuwamanga ndi malegeni ndi luzi, mpaka anakhala ngati mgolo wautali. Atabereka, mbali ziwiri zinatulukira uku ndi uku, ndipo mitengo iwiri yoyamba ya panjira inakana kuti adutse. Anabwerera chambuyo, anamasula. Panatsala njira imodzi yokha, imene mayi aliyense wa pa Kaluluma akanawauza dzulo. Anapinda jekete kukhala nkhata, anamanga bulangete ndi lona m'chiuno, n'kusenza matilesi pamutu.

Ukawaonera kumbuyo, ankaoneka ngati matilesi amera miyendo ndipo akufuna kwawo. Kutsogolo kunkawerama n'kuwatseka maso, kumbuyo kunkakhudza udzu wopsa. Geoffrey ankathamangira kutsogolo kuthyola nthambi za minga, n'kubwerera kumbuyo kukaona ngati kona yada.

"Alamu, ndikupempha. Ndigwireko kumbuyo kokha. Za nazale tiiwale. Kuno kulibe akuona."

"Ndikuona ine."

"Sindikauza munthu."

"Ndinalankhula pamaso pa kalabu. Mawu a tcheyamani si malovu."

"Mutu umodzi susenza denga."

"Ndani wanena za denga?" anayankha mawu a pansi pa matilesi.

Chinali chinthu chachilendo. Geoffrey anali atathirira nazale chaka ndi chaka mpaka mapewa anazolowera kupendekera kutsogolo, ndipo sabata yopuma ikanamukomera ngati mvula yoyamba. Koma pamenepa ankachita kuchonderera kuti aitaye, ndipo mwini ngongole ndiye ankakana kukhululukidwa.

Anali asanachoke m'mbali mwa madzi pamene mphepo inasintha. Kulupsa kunadzuka kamvulumvulu, wakuda bii ndi phulusa, akuzungulira ndi masamba ouma, akubwera monga amabwerera akamvulumvulu onse, ngati wina wamutuma. Geoffrey anafuula kuti akhale pansi. A Kanyinji sankaona kanthu kupatula maluwa oyera, choncho anafunsa kuti wati chiyani.

Mphepo inalowa pansi pa matilesi n'kuwadzutsa ngati chitseko. A Kanyinji sanasiye. Anathamanga nawo chammbali, akuponda ndi zala zokha, molunjika kumadzi kumene ng'ombe zinapondaponda mpaka kusiya thope lakuda lonunkha. Nsapato imodzi inatsalira m'thope. Dzanja limodzi linaphonyoka, matilesi n'kutembenuka m'mwamba, kona yakutali ikutsikira pathopepo.

Geoffrey sanakumbukire kuti thumba analitaya liti. Anangopezeka ali m'thope mpaka m'mawondo, manja ali m'mwamba, kona ya matilesi ili m'zikhatho zake. Kamvulumvulu anawathira phulusa, anawoloka madzi, n'kukafera kutsidya.

Anaima choncho, wina uku wina uko, matilesi ali pamwamba pawo. Nkhwazi inalira pa mtengo wake.

"Wakhudza," anatero a Kanyinji.

"Ndakhudza."

"Ndinakupempha?"

"Simunapemphe."

"Ndiye sizikuwerengedwa."

"Chabwino. Ndisiye?"

A Kanyinji anayang'ana thope, anayang'ana maluwa oyera. Anaganiza monga amaganizira tcheyamani pa nkhani yovuta.

"Gwira bwino," anatero.

Anabwerera chomwecho, matilesi ali pamitu iwiri, Geoffrey kutsogolo, alamu ake kumbuyo, opanda nsapato, nsapatozo, ina ataifukula m'thope muja, zikulendewera pakhosi. Chodabwitsa n'chakuti ulendo unapepuka. Anali ndi mthunzi woyenda nawo, ndipo pofika pa mabani ogumuka aja a Kanyinji anali atayamba nyimbo ya kwaya, Geoffrey akuthira besi.

Anatulukira kudambo nthawi yothirira madzulo, mudzi wonse uli pa mabedi. Makheni anaima. Mayi wina anayamba kuthamanga poganiza kuti kwagwa matenda, koma ataona kuti pamatilesi palibe munthu anabwerera pang'onopang'ono. Sellah, amene nazale yake inali pafupi ndi njira, anapukuta manja n'kutulutsa foni.

"Mwabwerako, a tcheyamani?"

"Monga ndinanenera."

"Kutsogoloko ndi ndani?"

A Kanyinji sanamve funsolo.

Pakhomo pa Geoffrey panali patakhala Fainala, akadali mu yunifolomu ya Mvano. Msonkhano unali utatha msanga chifukwa lole yowatenga inabwera Loweruka. Sanadzuke mwachangu. Anawasiya afike, aime, amve kulemera kwa chimene asenza.

"Munapita nawo kuti, bambo a Nthanda?"

"Kukawayesa. Mwana sapatsidwa chinthu chosayesedwa."

"Ndiye mwapeza zotani?"

"Ndi abwino."

Fainala anawalandira ndi manja ake, n'kuwaimika pakhoma. Anatenga nsalu yonyowa, anapukuta pulasitiki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Phulusa linachoka, ndi zala za thope za Geoffrey zinachoka. M'kati munali moyera. Koma mizere iwiri ya popinda paja inkaonekabe, yolowa ngati ngalande. Chala chake chinaima pa timabowo ta pakona.

"Singano iyi ndikuidziwa, Geoffrey."

"Achemwali, ndinkangofuna…"

"Akhale chogona kwanga sabata imodzi. Mizere iyi ikapanda kutha, ukudziwa pokhala pako." Anawasenza yekha, mosavuta konse, n'kumapita.

Geoffrey sanakumbutse munthu za nazale. Koma Lolemba m'mawa atafika kudambo anapeza a Kanyinji ali kale pa mabedi ake, atavala jombo zobwereka, makheni awiri m'manja, anthu atawazungulira.

"Ndaona kuti ambiri a inu mumathirira ngati mukuzimitsa moto," ankatero. "Sabata ino ndikuonetsani kathiriridwe koyenera. Ndasankha nazale ya mlamu wangayu chifukwa ndi imene ili kumbuyo kwambiri."

Anathirira. Tsiku loyamba madzi ambiri anathera mu jombo. Lachitatu anasiya kulankhula potunga, n'kumalankhula pothira pokha. Sanajombe m'mawa kapena madzulo, ndipo mbande sizinadandaule. Geoffrey ankakhala pachulu manja ali m'thumba, koma kupumako sikunamukomere monga ankaganizira. Tsiku lililonse ankadutsa kwa mchemwali wake ngati akufuna moto, n'kusuzumira pawindo. Fainala anali ataphimba matilesi ndi chitenje.

Madzulo omaliza kudambo kunadzaza ngati kuli msonkhano wa makuponi. Sellah anabwera ndi fulasiki ya tiyi. Feggie anabweranso, ndipo anamufunsa Geoffrey chapansipansi ngati n'zoona kuti jeke uja anatsitsa matilesi a anthu awiri mpaka m'mawondo. Geoffrey anati n'zoona, ndipo sanadumphe dzino ngakhale limodzi. Chithunzi cha Sellah, cha matilesi a miyendo inayi, chinali chitafika kale ku Lilongwe, ndipo Nthanda anati Ronald akufunsa ngati apongozi angadzamuperekeze ku Nkhwazi.

"Adzabwere," anatero a Kanyinji, akuthira kheni yomaliza. "Koma njira yake si ya ana."

Anagwedeza kheni kuti dontho lomaliza ligwe, anaika makheni onse awiri pansi, n'kuwongola msana ndi manja awiri.

"Mboni, mwaona. Ndinalonjeza sabata. Yatha kapena siinathe?"

"Yatha, a tcheyamani," anatero Sellah, ndipo anthu anavomera, ena akuwomba m'manja.

Geoffrey sankayang'ana iwo. Fainala anali atafika mwakachetechete ndi makheni ake, n'kuima kumapeto kwa bedi. Anayang'ana mbande, anayang'ana mchimwene wake nthawi yaitali ndithu.

"Jekete yako ija ili ndi fumbi paphewa," anatero. "Nkhoswe ya mwana wanga isadzaime pamaso pa anthu a ku Lilongwe ili choncho."

Pamenepo Geoffrey anadziwa kuti mizere ija yatha, ndipo unkhoswe ukadali wake.

Kenaka Fainala anapita pamene panaima mwamuna wake, n'kuika makheni ake awiri pafupi ndi jombo zawo.

"Ya Geoffrey yatha. Nanga pakhomo paja, katundu wanu anakulandirani ndani?"

A Kanyinji anayang'ana makheniwo, anayang'ana mboni, zimene zinali zitasiya kumwa tiyi.

"Ulendo unali utatha," anatero.

"Nazale yanga ndi iyo ili pafupi ndi chitsime," anatero Fainala, n'kulandira kapu kwa Sellah.